Madzi a Marinel

Lolemba, 2 Novembala

Andipatsa bedi lapakati m'chipinda cha anthu atatu, wodi ya amayi. Opaleshoni ndi mawa m'mawa. Mwamuna wanga Octav wandisiyira mabuku awiri, supuni, kapu yachitsulo ndi kope ili, n'kuthamangira kukadyetsa mphaka. Ndizilemba zimene ndaona ndi zimene ndauzidwa.

Matenda: zotupa m'chiberekero, chachikulu ngati chibakera. Magazi ndi ochepa. Dokotala Predoiu akuti achotsa chiberekero chonse. Ndawafunsa za msana, popeza mkulu wanga atachitidwa opaleshoni yomweyi anayenda chowerama mpaka chaka kutha.

"Kodi mumaphunzitsa chiyani, mayi Otilia?"

"Fizikisi."

"Ndinadziwa ine. Anzanu amafunsa ngati adzadzuke, inu mukufunsa za msana."

Komabe ayankha bwino. Tebulo la opaleshoni ndi lolimba, ndipo munthu akagonetsedwa ndi mankhwala minofu yake imalekerera, msana n'kuphwathalala mosayenera kwa maola angapo. Kenako minofu ya pamimba, imene imathandiza kuchirikiza thupi, imakhala yodulidwa, ndiye ntchito yonse imagwera msana. Wodwala amawonjezera yekha vuto poyenda chowerama kuopa bala, ndi pogona osadzuka. Ndapempha kuti andiikire thaulo lopinda pansi pa chiuno ndikakhala patebulopo. Avomera.

Bedi la pazenera pali a Aurica, amene ankagulitsa matikiti a basi. Pakamwa pawo sipapuma. Bedi la kukhomo pali a Voica, a kumudzi, mpango wakuda. Iwowa sanayankhule. Agona choyang'ana khoma, dzanja lili pachiuno.

Lachiwiri, 3 Novembala

Zatheka. Diripi, kapaipi ka mkodzo, ludzu. Ndalemba chogona.

Lachitatu, 4 Novembala

Bala likuwawa monga ndinkayembekezera. Msana ukuwawa m'munsi, mbali zonse ziwiri, ululu wolemera koma wosabaya. Kutentha kwa thupi 37.2.

Namwino wathu, a Mioara, abwera kudzandidzutsa. Ndati mwina mawa.

"Mawa lakelo ndi liti? Tembenukirani kumbali, aphunzitsi. Pindani mawondo. Miyendo itsike kaye, kenako kankhani ndi chigongono. Musadzuke ngati mwaitanidwa ndi ahedi."

Ndayenda mpaka pakhomo n'kubwerera. Iwo ankangonena kuti, "Mutu m'mwamba! Pansipo simunagwetsepo kanthu." Andiikira mtsamiro pansi pa mawondo, ululu n'kucheperako.

Masana ndinapempha kuti titsegule zenera pang'ono. A Aurica anakuwa ngati ndawatulutsira mpeni.

"Mphepo yodutsa! Mukufuna kutipha? Misana yonseyi ndi mphepo, mayi inu. Mchemwali wanga anakhala pakati pa khomo ndi zenera, mpaka lero khosi silitembenuka."

Ndawauza zimene ananena dokotala. Amvetsera mpaka kumapeto, kenako akweza malaya kundionetsa lamba waubweya wa nkhosa amene anamanga pamwamba pa bandeji.

"Inu khalani ndi fizikisi yanu, ine ndikhala ndi nkhosa yanga. Tiona amene ayambe kuvina."

Zenera silinatsegulidwe.

Chiberekero palibe. Ndayesa kumva ngati pali malo opanda kanthu. Sindikumva chilichonse.

Lachinayi, 5 Novembala

Achotsa kapaipi. Ndamwa msuzi wankhuku umene Octav anabweretsa m'botolo. Ndayenda mpaka kuchimbudzi ndekha.

A Voica atatengedwa kukayezedwa, a Aurica anandiuza nkhani yawo monong'ona. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Marinel, anagwa kuchokera pamwamba pa nyumba imene ankamanga ku Spain, kumayambiriro kwa mwezi wathawu. Anabwera m'bokosi losatsegula. Maliro atangotha, mayiwo anayamba kutaya magazi kwambiri, ndipo anawachotsa chiberekero m'chipatala muno. Anabwerera kwawo bwinobwino. Pasanathe milungu iwiri anawabweretsanso msana ukuwawa, akulephera kuima.

"Paja mukudziwa chimene ankachita? Ankatunga madzi a wakufa. Ndowa ziwiri, pamtengo wapaphewa, bala lisanapole!"

Sindinafunikire kufotokozeredwa. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, patchuthi kumudzi kwa bambo, ndinatungirapo madzi mkulu wina woyandikana nafe amene anamwalira. M'mawa uliwonse kuchitsime, kenako khomo ndi khomo, kuthira m'mitsuko ya anthu, iwo n'kunena mawu othokoza m'dzina la wakufa, "bogdaproste, akamwe kumene aliko." Khomo lililonse ndinkacheka kamzere pa ndodo. Tsiku la makumi anayi chimwalirireni tinapita kumtsinje kukamasula madziwo, kuti wakufayo asamve ludzu kumene wapita. Anandipatsa nsapato zofiira. Nsapatozo ndimazikumbukira kuposa munthuyo.

Madzulo kunabwera amuna awo a Voica, a Ilie, aafupi, chipewa chili m'manja. Anatulutsa m'thumba tchizi, buledi ndi ndodo yosendedwa. A Voica anaisisita ndi chala. Mizere yafika kupitirira theka. Kumtunda kwake n'kosalala.

"Mwapeza munthu wotunga?" anafunsa a Voica.

"Ndani, mayi? Atsikana onse ali ku Italy ndi amayi awo. Nkhalamba imene ikanatunga idakali chigonere. Ndikanatunga ine."

"Inu ndinu mwamuna. Musandiseketse."

Tsiku la makumi anayi ndi Loweruka la sabata yamawa.

Lachisanu, 6 Novembala

Kutentha 36.9. M'mimba mwayamba kuyenda, ndipo msana wapepukako. Mpweya wodzaza m'matumbo nawonso umakankha kumsana. Ndikumwa madzi ambiri.

Poyendera odwala, dokotala auza a Voica kuti zikuoneka kuti anangopweteka minofu ndi ndowa zija, ndipo ngati thupi silitentha mpaka Lolemba, awatulutsa. Koma asanyamule cholemera kuposa ketulo kwa milungu isanu ndi umodzi. A Voica anagwedeza mutu mwaulemu. Dokotala atangotuluka anayamba kuwerenga zala.

Ndinaona kuti ndiyenera kunena. Ndinawafotokozera mmene ndimafotokozera ana a sukulu: ndowa yodzaza ndi makilogalamu khumi, koma ukaikweza uli chowerama, msana umasenza kulemera kumeneko kowirikiza kangapo. Minofu ya pamimba ikadulidwa palibe chothandiza. Ndiponso m'kati muli ulusi umene sauona, ndipo ukhoza kuduka.

Anandiyang'ana koyamba chibwerereni. Maso awo ndi otuwa.

"Adona, muli ndi ana?"

"Ayi."

"Basi."

Sananene mwachipongwe. Anangotseka nkhani.

Mimba zitatu, zonse zinapita padera zisanakwane miyezi inayi. Otero satungiridwa madzi, alibe dzina. Ndalemba kuti mbiri ya matenda ikhale yokwanira.

Loweruka, 7 Novembala

M'mawa namwino amagawa zoyezera kutentha zagalasi, n'kupita zipinda zina, n'kudzazitolera pobwerera. Lero ndinadzuka msanga. Ndinaona a Voica akutulutsa chawo m'khwapa, kuchiyang'ana, kuchikutumula pansi pa bulangete, kenako kuchigwira m'manja mpaka a Mioara atalowa.

"36.6. Mwakhoza, amayi."

A Voica atatsika pabedi kuti apite kuchimbudzi ndinawagwira dzanja ngati ndikuwathandiza. Linali lotentha ngati buledi wongophula kumene.

A Aurica alandira alendo asanu ndi mmodzi, mphika wa kabichi wokulunga nyama ndi wailesi. Chipinda chonse chanunkhira adyo.

Lamulungu, 8 Novembala

A Voica achitanso chimodzimodzi ndi choyezera. Masana ananjenjemera mpaka bedi kulira, n'kunena kuti ndi mphepo ya pansi pa chitseko. A Aurica anawafunditsa shawelo yawo.

Ululu wanga ndi wa a Voica si umodzi. Wanga umachepa ndikayenda, umachepa ndikaika mtsamiro. Wawo susintha ngakhale atembenuke bwanji, ukukula tsiku ndi tsiku, ndipo ukubwera ndi kutentha ndi kunjenjemera. Dokotala anandiuza Lolemba lija kuti ululu wotero si wa minofu: umanena za impso kapena za mafinya m'kati.

Ndinawauza okha poyamba, motsitsa mawu.

"Mayi Voica, ndaona zimene mukuchita ndi choyezera."

"Mwaona chiyani? Mumagona inu."

"Thupi lanu likutentha. Mukapita kwanu chonchi, n'kukanyamulanso ndowa, simudzafika Loweruka."

"Ndikafika Lachisanu zakwana. A Ilie akamasula okha."

Anayankha mwabata, ngati akunena za nthawi ya basi. Ndiye kuti akudziwa.

Octav atabwera ndinamutengera m'kolido.

"Zisiye, Oti. Ndi munthu wamkulu, ndi mwana wake. Wabwera kudzachira, sunabwere kudzayang'anira mayeso."

A Aurica nawonso, amene amamva chilichonse: "Aphunzitsi, pakamwa mutseke ngati zenera lija. Mayi akalephera kutungira mwana wake, adzakhala ndi moyo wanji?"

Funso limenelo sindingaliyankhe. Limene ndingaliyankhe ndi lakuti thupi lawo likutentha kapena ayi.

Lolemba, 9 Novembala

Ndanena.

Dokotala anali atayamba kale kuuza a Voica za mankhwala okamwera kunyumba. Ndinati, "Adokotala, ayezeni kutentha inu muli pomwepo." A Mioara anabweretsa choyezera n'kuimirira pambali pa bedi, dzanja lili paphewa la a Voica. 39.1.

Anawatengera kukaunika m'mimba. Magazi anatuluka m'kati pamene anasokapo, anaundana, tsopano asanduka mafinya. Masana omwewo anawalowetsanso ku opaleshoni kuti atulutse mafinyawo. Abwerera ndi kapaipi pamimba, diripi ya mankhwala kudzanja. Akhala muno sabata ziwiri, mwina kuposa.

Atatsitsimuka anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinakulakwirani chiyani, adona?"

Anatembenukira kukhoma.

A Aurica sanandigawire maapozi ootcha lero. Awapereka kwa mayi wokolopa, mokweza mawu.

Ndikanakhalanso ndi mwayi wosankha, ndikananenanso. Kudziwa zimenezi sikukundithandiza kumeza chakudya.

Lachiwiri, 10 Novembala

Ndinayenera kutuluka lero, koma bala langa likutuluka timadzi kumapeto kwake. Si mafinya. Andisunga mpaka Loweruka. Msana wawawa kwambiri, chifukwa dzulo ndinangogona osayenda. Chifukwa ndi chotsatira chake, monga m'buku.

A Voica 38.4. Sakudya. A Ilie anabwera, anakhala pamphepete pa mpando. Ine sanandiyang'ane.

"Lachinayi mubweretse chikhoti changa ndi nsapato," anatero a Voica.

"Mayi inu, muli ndi paipi pamimba."

"Paipi imasololoka. Mwamva?"

"Nditaye awiri mwezi umodzi?"

"Mwana ali ndi ludzu, Ilie. Ndimamumva. Anafera padzuwa, dziko la eni, pakamwa pouma. Inu mumagona bwanji?"

Mkuluyo anapotokola chipewa chake mpaka ndinaganiza kuti ching'ambika. Pochoka anaiwala ndodo ija pakabati, kapena anaisiya dala.

Ndiye kuti kunena kwanga kwangowachedwetsa. Kuchokera pano kukafika kumudzi kwawo ndi mabasi awiri.

Lachitatu, 11 Novembala

Ndaganiza za nkhaniyi monga ndimaganizira funso la masamu: zodziwika ndi ziti, zofunika ndi ziti. Ndodo ija siwerenga malita. Imawerenga makomo. Ndinali mwana koma ndikukumbuka bwino: khomo limodzi, mzere umodzi.

M'mawa, atatolera zoyezera, ndinakhala pamphepete pa bedi langa kuyang'ana msana wawo.

"Mayi Voica, wodi ino ili ndi zipinda zisanu ndi zitatu. Bedi lililonse pagona munthu wa nyumba yake, mudzi wake. Ameneyo si khomo?"

Ndinasendera pafupi n'kupitiriza.

"Ndowa sindinganyamule, inunso simunganyamule. Kapu ndinganyamule. Dokotala akufuna ndiziyenda. Ndikhoza kuyenda ndi madzi."

"Madzi a pampopi," anayankha osatembenuka.

"Kuseri kwa khitchini kuli chitsime chakale cha masisitere," a Aurica analowerera. "Mlonda amatungako, akuti a pampopi amanunkha mankhwala. Ndimuuze abweretse ndowa pakhomo la wodi. Amandikonda ameneyo, ngakhale alibe mano."

A Voica anatembenuka pang'onopang'ono, akugwira kapaipi.

"Inu simupemphera. Ndakuonani, wansembe atadutsa munapitiriza kuwerenga buku."

"Zoona."

"Ndiye mukufuna chiyani?"

"Ndikufuna mukhale pabedi mpaka mankhwala athe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pamimba.

"Anakuchotsani zonse?"

"Zonse."

"Simudzasambanso."

"Ayi."

"Ndiye mwayera. Mukhoza kutunga."

Madzi amenewa amatunga ndi mtsikana wosatha msinkhu kapena mayi amene anasiya kusamba. Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Aka n'koyamba kumva munthu akutchula phindu la chimene chandichitikira. Ndinapita kuchimbudzi, ndinakhalako kanthawi.

Ndayamba masana. Ndowa ili pampando pakhomo la wodi. Ndimapinda mawondo, msana chilili, kutunga ndi kapu yanga yachitsulo. Chipinda choyamba ndinachita manyazi, ndinangoima pakhomo. Mayi wina wokalamba anaona kapu ndi ndodo m'khwapa mwanga, anadziwa yekha.

"Ndi a yani, mwanangu?"

"A Marinel."

"Wamng'ono?"

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri."

Anadzilemba mtanda, anamwa onse. "Bogdaproste. Akamwe."

Mizere ndikucheka ndi mpeni wa a Aurica wosendera maapozi.

Lachinayi, 12 Novembala

A Voica 37.8. Amwa msuzi pang'ono.

Ndayenda m'mawa, masana ndi madzulo. Kapu imodzi ulendo umodzi, chifukwa a Voica akuti madzi a khomo lina sapitirira kukhomo lina. Kuti madzi asatayike ndiyenera kuyenda chilili ndi modekha. A Mioara anandipeza m'kolido.

"Onani aphunzitsi! Sabata yonse ndakhala ndikukuwa kuti mutu m'mwamba, osamva. Lero wakufa wakuwongolani."

Akunena zoona. Msana lero sukuwawa kwenikweni, kupatula madzulo.

Si onse amene alandira. Mtsikana wina wa m'tauni anati samwa m'kapu ya munthu wina. Ndinathira m'kapu yake. Wina ali ndi opaleshoni mawa, saloledwa kumwa. Ananyowetsa chala n'kupaka pamilomo, ndipo a Voica agamula kuti zimenezo ziwerengedwe. Mayi wina anagwira dzanja langa n'kuyamba kulira, akutchula dzina lina, la mwana wake wamkazi. Ndinaimirira mpaka anamaliza. Wa m'chipinda chomaliza anafunsa ngati palibe kachasu wa maula woperekeza madziwo.

"Muwauze kuti Marinel sankamwa," anatero a Voica nditawafotokozera. Kenako, "Ankamwa pang'ono. Pa Isitala." Ndipo pakamwa pawo panagwedezeka ngati akufuna kuseka.

Andiuza za iye. Ali mwana ankamwa madzi m'ndowa momwemo, mutu wonse kulowetsa, ngati mwana wang'ombe. Ankatumiza zithunzi ataima pamwamba pa nyumba, wopanda malaya. Ankati akadzabwera adzakokera madzi a mpopi m'nyumba kuti amayi ake asiye zonyamula.

"Kapu siimukwana ameneyo," anatero, akuyang'ana kudenga.

A Ilie abweretsa chikhoti ndi nsapato, popeza anauzidwa. A Voica aika chikhoticho pansi pa mtsamiro. Sanasinthe maganizo, angoimika kaye.

Lachisanu, 13 Novembala

A Voica 37.5. Kapaipi kakutulukabe mafinya. Dokotala akuti akasiya mankhwala pano, matenda alowa m'magazi. Anena pamaso pawo, momveka.

Zipinda za wodi yathu zinatha dzulo. A Mioara anandilola kutsikira ku wodi ya obereka, pa chikepe. Sindinaganizire bwino zimenezi. Ana ongobadwa kumene amalira mofanana onse. Ndinagawa madzi, ndinatchula dzina, ndinabwerera. Mzere womaliza ndacheka dzuwa lisanalowe. Ndodo yadzaza mpaka kunsonga.

Ndinaipereka kwa a Voica. Anaisisita kuyambira pansi, pamene pali mizere yawo yakuya, mpaka pamwamba, pamene pali yanga yopyapyala. Chikhoti chinali pamiyendo pawo. Basi yomaliza imanyamuka chakumadzulo.

"Aurica, tazimitsani wailesiyo. Adona, khalani apa."

Ndinakhala.

"Inu simunama. Ndinaona Lolemba. Munthu wina aliyense akanandimvera chisoni n'kukhala chete, inu ayi. Ndiye ndikufunsani inu, osati wansembe. Madzi amenewa afika?"

A Aurica anali kumbuyo kwawo, akundigwedezera mutu mwamphamvu, maso ali tong'o.

Ndikudziwa kuti makapu onse amene ndanyamula sangadzaze ndowa ziwiri. Ndikudziwa kumene madzi amapita munthu akamwa. Ndikanati "afika," akanaona pankhope panga, ndipo akanavala chikhoti.

"Kumene iye ali sindikudziwako, mayi Voica. Sindinganene za kumeneko. Ndinganene zimene ndaona. Madzi anali a pachitsime. Ndanyamula ndi dzanja langa, sindinataye. Aliyense amene wamwa anali ndi ludzu lenileni, chifukwa muno aliyense ali ndi ludzu. Ndipo aliyense watchula Marinel. Anthu a midzi imene iye sanapondemo akudziwa dzina lake lero."

Anasisitanso ndodo ija ndi chala.

"Kumtsinje amafunsa katatu."

"Ndikukumbuka."

"Woyankha ndi amene watunga. Mukatuluka mawa, mupita?"

"Ndipita."

"Mukayankha chiyani akakufunsani ngati akwana?"

"Ndodo yadzaza. Ndikayankha kuti akwana."

Anapinda chikhoti kawiri, n'kuchipereka kwa a Aurica kuti achiike m'kabati. Kenako anavula mpango wawo wakuda n'kuuika m'manja mwanga. Tsitsi lawo ndi loyera lonse. Ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri zokha.

"Musapite mutu uli pamtunda ngati mphunzitsi."

Atatero analira, koyamba chibwerereni muno. Sanabise nkhope. A Aurica anakwera pabedi lawo, lamba waubweya ndi zonse, n'kuwafungatira. Ine ndinagwira diripi kuti isasololoke.

Loweruka, 14 Novembala. Kunyumba.

Achotsa ulusi. Malangizo: kuyenda tsiku lililonse, pang'onopang'ono koma kawirikawiri; kusakhala pampando nthawi yaitali; kudzuka chammbali; kusanyamula cholemera kuposa ketulo; kubwerera msanga ngati thupi latentha, ngati ululu uli mbali imodzi kapena watsikira m'mwendo.

A Aurica andipatsa lamba wawo waubweya. "Kumtsinje kuli mphepo yeniyeni, osati ya m'mabuku." Ndavala. A Voica anali 37.1 m'mawa, choyezera chili m'khwapa mpaka namwino atabwera. Sitinatsanzikane ndi mawu ambiri. Anangoti, "Mukaone ngati kandulo ipite bwino. Mudzandiuze zoona."

Octav sanafunse zambiri. Anaika mtsamiro pampando wa galimoto, ndipo tinkaima kawirikawiri kuti nditsike ndiwongoke. A Ilie anatidikira pamlatho wa kumudzi kwawo, pamodzi ndi amayi atatu okalamba. Mwambo wa kutchalitchi unali utatha kale. Anatipatsa tirigu wophika wa maliro, wa shuga ndi mtedza, m'timbale tapepala. Mudzi wonse ndi umenewo, kuwonjezapo agalu.

Mtsinje wa Jiu unali wodzaza, wamatope. A Ilie anamata kandulo pakathabwa, n'kumangirirapo ndodo ija ndi kansalu koyera. Machesi anathyoka kawiri. Kenako anavula chipewa.

"Mwatungira yani madzi?"

"Marinel."

"Akwana?"

"Akwana."

Anafunsa kachiwiri, ndinayankha. Kachitatu milomo yokha ndiyo inayenda. Ndinayankhabe.

Ndinaika kathabwako pamadzi. Kanazungulira kamodzi pafupi ndi gombe, kenako madzi anakatenga. Kandulo inayaka mpaka pokhota, pamene pali misondodzi. Kupitirira pamenepo sindinaone. Ndidzawauza zimenezo.

Dzulo, ku wodi ya obereka, kapu imodzi ndinaipereka kwa mtsikana amene anagona payekha, kabedi ka mwana kali kopanda kanthu. Anafunsa kuti ndi a yani. Ndinati ndi a atatu anga, alibe mayina. Anamwa. Imeneyo sindinaichekere mzere.

Kutentha 36.8. Bala louma. Msana ukuwawa m'munsi, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa: poika kandulo pamadzi ndinawerama, ndinaiwala kupinda mawondo.